Malata a ku Milange

Kwathu ku Limbuli munthu akati akupita kutsidya, sitifunsa kuti tsidya lake liti. Ndi ku Milange, tauni ya ku Mozambique. Umawoloka mtsinje wa Muloza, wakabaza n'kukupalasa makilomita ochepa chabe, basi wafika m'dziko la eni. Chimanga ukagula ndi makwacha athu omwewa, ndipo wogulitsayo akuyankha m'Chichewa kapena m'Chilomwe ngati mnansi wa kuseri kwa nyumba.

Anyamata amene amakapikula chimanga ndi nyemba kumeneko amabwerako ndi mawu amodzimodzi. Amati tauniyo ili pawiri: pakati pali misewu yotakata, yowongoka, ndi nyumba zakale za simenti, koma ukangopatuka pang'ono ukulowa m'tinjira tokhotakhota toti njinga ziwiri zonyamula matumba sizingapatukirane. "Anzathuwa kumanga sakudziwa," anatero mnyamata wina tsiku lina tili pachigayo. Iyeyu anabadwa nkhondo itatha kalekale, ndiye sindinamudzudzule. Koma tinjira timeneti tili ndi mbiri yake, ndipo ifenso a tsidya lino tilimo.

Malire amenewa anapangana ndi azungu okhaokha, Angelezi ndi Apwitikizi, mu 1891. Mtsinje unasanduka malire, anthu ake ali amodzi. M'zaka zotsatira Alomwe ambiri anawoloka kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, n'kudzagwera m'thangata la m'minda ya azungu ku Mulanje ndi Thyolo. Agogo anga anali m'gulu limenelo, abale awo ena anatsalira kutsidya, ndiye maliro ndi zinkhoswe timayenderana mpaka lero.  

Misewu yowongoka ya ku Milange ija ndi ya Apwitikizi. Anaiyeza kuti ikwanire iwo eni: ofesi ya bwanamkubwa, masitolo, tchalitchi, ndi nyumba za akuluakulu a minda ya tiyi imene inali m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Munthu wakuda ankabwera kudzagwira ntchito, dzuwa likapendeka n'kubwerera kunja. M'dziko lonselo matauni anali otero, mpaka anthu anazolowera kunena kuti kuli tauni ya simenti ndi tauni ya bango. Ufulu utabwera pa 25 June 1975 Apwitikizi ambiri anachoka, boma la Samora Machel linati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo mu 1976 linatenganso nyumba za lendi. Kuyambira pamenepo funso loti malo awa ndi a yani linayamba kukhala ndi mayankho angapo.

Kenako nkhondo. Gulu la Renamo lolimbana ndi boma la Mozambique, limene akuluakulu athu ankangoti a Matsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa, linafalikira m'chigawo cha Zambézia. Mu September 1986 Machel anabwera ku Blantyre pamodzi ndi Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda kudzauza Kamuzu maso ndi maso kuti dziko lake likusunga zigawengazo. Sipanapite nthawi, matauni a m'malire anayamba kugwa limodzilimodzi, ndipo Milange inagwa chaka chomwecho. Mwezi wa October Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini.

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, anali telala pakhonde la sitolo ina kumeneko. Anafika kwathu m'bandakucha, matope mpaka m'maondo, atasenza mutu wa makina a Singer wokulunga m'chitenje. Miyendo ya makinawo anaisiya. Akazi awo anabereka mwana kumbuyo, wina kumanja, mphika umodzi pamutu. Zina zonse zinatsala, pamodzi ndi nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri imene anali atangoifolera kumene.

Tikamva za mzinda wophwasuka ndi nkhondo timaganiza za ndege ndi mabomba. Milange sinafe choncho. Inafa ngati nkhuku yosololedwa nthenga. A Renamo anazula malata, zitseko, mafelemu a mawindo, mawaya a magetsi, mipope, chilichonse chotheka kusenza, ndipo osenzawo anali anthu wamba ogwidwa mokakamiza. Makoma anatsala ali chiimire, mvula n'kumalowa, udzu n'kumera m'zipinda. Nanga katunduyo ankapita kuti? Wina ankalowera kutchire kumisasa yawo. Wina ankabwera kumalire kudzasinthanitsa ndi mchere, sopo ndi zovala. Sindikuloza munthu chala, chifukwa khitchini ya kwathu komwe inali ndi malata anayi okhala ndi mabowo a misomali pamalo pamene bambo sanakhomepo. Dzinja lililonse tinkamata mabowowo ndi phula, ndipo palibe amene ankafunsa kuti malatawo anachokera kuti. Amalume ankadyera nsima pansi pa malata amenewo, osanena kanthu.

Othawa nkhondo anachuluka mpaka kupitirira 1 miliyoni m'dziko muno, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti tonse tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anaposa eni mudzi. Kuno ena anakhala kumsasa wa ku Muloza, ena ku Chiringa, ambiri anangolowerera m'midzi mwa abale. Ndimakumbukira mizere ya anthu atagwira makadi, a Red Cross akugawa ufa, nandolo ndi mafuta ophikira, ndipo ndimakumbukiranso mitengo ikutha m'mapiri chifukwa aliyense ankafuna nkhuni ndi milimo.

Asilikali a boma la Mozambique analandanso Milange mu 1988, koma nkhondo inali ikadalipo kumidzi. Apa ndi pamene tauni ya lero inayambira. Anthu a m'midzi yozungulira, amene sanathe kapena sanafune kuwoloka, anakhamukira pafupi ndi asilikali kuti apulumuke. Anamanga zisakasa paliponse pamene panali poyera: m'mabwalo, m'minda, pamaziko a nyumba za anthu amene anali ku Malawi. Ankathithikana dala, pakuti kumanga patali kunali kudzipereka. Kunalinso mabomba okwirira pansi. Amalume ankati masiku amenewo njira inali pamene mnzako wapondapo osaphulika, ndipo ukaona yakhota, nawenso khota, usafunse. Nyumba zinatsata njira, m'malo moti njira zitsate mapulani.

Mtendere anasainirana ku Rome pa 4 October 1992, pulezidenti Joaquim Chissano wa Mozambique ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama. Pofika 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera kwawo kuchokera m'maiko oyandikana nawo, ochuluka kuchokera kuno. Bungwe la UNHCR, loona za anthu othawa kwawo, linathandiza ndi magalimoto, mbewu ndi makasu, koma a kuno kumalire ambiri anangonyamuka okha wapansi. Bambo ankayamba watsogola kukaona, akapeza kuli bata n'kudzatenga banja.

Amalume anapita mu 1994, ine ndikuwaperekeza, ndili mnyamata wa sekondale. Tinazungulira nthawi yaitali osapazindikira pamalopo. Chimene chinatilondolera ndi mtengo wa mango umene anabzala okha chaka chimene anakwatira. Nyumba ija inali itatsala simenti ya pansi yokha, njerwa anthu anagumula n'kukamangira kwina. Pasimentipo mayi wina anali atayanika makaka, ndipo chapambali panali nyumba ziwiri zofolera ndi udzu, ana akusewera pakhomo.

"Odi kuno!"

"Odini, bambo. Fikani."

Anatipatsa mpando, moni anatha, madzi tinamwa. Kenako amalume anati, "Mayi, mango awa amakoma?"

"Amakoma kwambiri, bambo. Alibe ulusi."

"Ndinabzala ndine."

Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anatuma mwana kuti akaitane bambo ake kumunda. Bamboyo atafika sanakane kalikonse. Anati anafika pamenepo mu 1989 kuchokera kumudzi umene unatenthedwa, anapeza tchire lokhalokha, analambula, ndipo ana awo awiri anawaika m'manda a pafupi pomwepo. "Achimwene, inu munathawira ku Malawi, ife tinathawira pano. Tsono tipite kuti?" Amalume anandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Mphwanga, apa palibe wakuba."

Mlanduwo unatenga miyezi. Pepala la malo panalibe, ndipo ngakhale likanakhalapo, maofesi osunga mabuku anali opanda denga. Anaweruza ndi amfumu pamodzi ndi mlembi wa dera, mboni zake nkhalamba zimene zinkakumbukira kuti telala uja ankakhala pati. Anagawa malowo pakati, anabzala nkhadze m'malire, ndipo kuti banja lakumbuyo lizitha kutuluka anasiya kanjira ka mapazi atatu. Chulukitsani nkhani imeneyi ndi mabanja mazanamazana, mupeza tinjira timene mnyamata wa pachigayo uja amadandaula nato.

Ndinadzawerenga pambuyo pake mmene ena anachitira. Pakati pa mzinda wa Rotterdam, ku Netherlands, panapsa ndi mabomba a Germany pa 14 May 1940. Pasanathe milungu ingapo akuluakulu a mzindawo analanda mapuloti onse a pamalo opsawo, eni ake n'kuwalonjeza chipukutamisozi, kuti adzathe kujambula misewu mwatsopano popanda wowatsekereza. Pulani yawo ya 1946 inataya mzinda wakale, ndipo mu 1953 anatsegula Lijnbaan, msewu wa masitolo woyendamo anthu apansi okhaokha. A ku Warsaw, ku Poland, kumene nyumba pafupifupi 85 pa 100 zilizonse zinagwa, anasankha zosiyana: chigawo chakale anachimanganso monga chinalili, akuyang'ana mapu akale ndi zithunzi zimene Bernardo Bellotto anajambula m'zaka za m'ma 1700, ndipo bungwe la UNESCO linachilemba m'kaundula wake wa malo a mbiri ofunika kusungidwa mu 1980. Njira ziwiri zosiyana, koma onsewa anali ndi zinthu zimene Milange inalibe: mabuku osonyeza mwini wa puloti iliyonse, akatswiri oyeza malo, ndi boma lofika pamalopo anthu asanayambe kumanga.

Sindikunena kuti kulanda malo n'kujambula mwatsopano ndiye nzeru nthawi zonse. Ku Beirut, ku Lebanon, nkhondo ya 1975 mpaka 1990 itatha, pakati pa mzinda anapapereka kwa kampani ya Solidere mu 1994, eni malo n'kupatsidwa masheya m'malo mwa nyumba zawo. Panamangidwa zokongola, koma ambiri mwa anthu amene ankakhalapo kale sanabwererepo, ndipo mkangano wake sunathe. Zikanakhala choncho ku Milange, amalume ndi bambo uja onse awiri akanaona msana wa njira.

Boma la Mozambique linasankha kuvomereza zimene anthu anachita kale. Lamulo la malo la 1997 linasiya nthaka m'manja mwa boma, koma linati munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo amene anawapeza mwa mwambo, kapena amene wakhalapo mosabera aliyense kwa zaka 10, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo ndi wokwanira. Kwa anthu ngati amalume limeneli linali lamulo lachifundo. Kwa woyeza misewu ndi mutu waukulu, pakuti aliyense amene nyumba yake yatsekereza msewu ali ndi mboni zake. Milange inakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1998, nyumba zitamera kale. Chaka chomwecho, mu January, phiri la Tumbine linagumuka ndi mvula n'kukwirira anthu ambiri amene anamanga ndi kulima m'mphepete mwake. Ife tinakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991.

Ndalama zomangira tauniyo sizinachokere ku Maputo kwenikweni. Zinachokera m'matumba a chimanga. Msewu wopita ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, unali wafumbi, dzinja osadutsika, ndipo phula lothandizidwa ndi European Union linafika patatha zaka zoposa 20 nkhondo itatha. Choncho mlimi wa ku Milange msika wake unali Malawi. Minda imene inagona zaka zonse za nkhondo inabereka, ife kuno malo atatha ndi tiyi, ndipo njala ya 2002 ndi ya 2005 inatipeza tikuthamangira kutsidya. Njinga zinkawoloka Muloza zitanyamula matumba atatu, pobwerera zitanyamula simenti, shuga ndi malata ogula ku Limbuli. Malata anabwerera kwawo, ulendo uno ndi lisiti. Za mabomba okwirira aja, dziko la Mozambique linalengeza kuti lathana nawo mu 2015.

Mnyamata wa pachigayo uja ndinangomufunsa kuti ayang'ane kuseri kwa msika wathu wa Limbuli. Kuno sikunagwe nkhondo, lamulo la mapulani a matauni tinali nalo kuyambira 1988 ndipo lina linabwera mu 2016, koma ambulansi singafike pakhomo pa anthu ambiri. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba mu March 2023, si ochepa amene anamanganso pomwe madzi anadutsa, poti kwina kulibe malo.

Amalume anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo tinakawaika kutsidya konko. Bokosi silinathe kukhota pakanjira ka mapazi atatu kaja, ndiye ana a bambo uja anadula nkhadze za m'malire ndi zikwanje zawo, tinadutsira pabwalo pawo. Nkhadzezo sanabzalenso. Mango aja mabanja onse awiri amathyola.