Alamu ikalira, adzazimitsa fani ndani?

Ndagwira kwa zaka zambiri ntchito yoyendetsa mpweya m'nyumba zikuluzikulu, ndipo pali funso limodzi limene landitopetsa. Bwana woyang'anira chitetezo amandiitana, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi wayamba kale: "A injiniya, tigule makina ati oti azitichenjeza zigawenga zikatipopera mpweya wapoizoni?" Patebulo pamakhala pali kale mulu wa timapepala ta otsatsa malonda. Ine ndimawabwezera funso langa: makinawo akalira 10 koloko usiku, adzazimitsa fani ndani, ndipo zidzamutengera mphindi zingati? Kawirikawiri m'chipindamo mumangoti zii.

Makina onunkhiza mpweya sateteza nyumba. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti choopsa chalowa, basi. Nyumba yaikulu imapuma ngati munthu. Mafani akuluakulu amakoka mpweya wakunja kudzera pakhomo limodzi kapena awiri, amausakaniza ndi mpweya wobwerera kuchokera m'zipinda, kenako n'kuukankhira m'mapaipi opita kunsanjika iliyonse. Makina omwewo amene amakupatsani kamphepo kozizira muofesi ndi amenenso angagawire poizoni kwa aliyense m'kanthawi kochepa.

Tsiku lina tinayesa zimenezi panyumba ina ya maofesi imene eni ake anali atangogula kumene chipangizo chonunkhiza mpweya chodula kwambiri, chowala bwino pakhoma la polandirira alendo. Khomo lokokera mpweya tinalipeza pansi penipeni, kuseri kwa maluwa, pafupi ndi poimika magalimoto, moti mwana wamng'ono akanatha kuligwira ndi dzanja. Tinayatsa pamenepo utsi woyesera, wosavulaza munthu, ine wotchi ili m'manja. Mphindi 4 zisanakwane, mnzanga amene anali kunsanjika ya nambala 6 anaimba foni kuti utsi wayamba kutuluka kudenga. Mlonda anachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Anathamanga kuchipinda cha makina, koma anapeza chili chokiya. Kiyi anali m'thumba la mmisiri amene anali ataweruka. Mafani anazima patatha mphindi 25. Ndinaona nkhope ya mlonda uja ataima pachitseko, thukuta lili kamukamu, akugwedeza loko, ndipo mpaka lero ndimaikumbukira. Vuto silinali lake.

Zoopsa za mumpweya zili m'magulu awiri amene anthu amakonda kuwaphatikiza, ndipo kuwaphatikizako n'kumene kumawadyera ndalama. Pali mpweya wa mankhwala apoizoni, monga sarin ndi klorini, ndiye pali tizilombo toyambitsa matenda, monga timbewu ta mabakiteriya a anthrax. Palibe kabokosi kamodzi kamene kamazindikira bwino zonse ziwiri.

Kumbali ya mankhwala, zipangizo zabwino zilipo ndipo n'zachangu. Zambiri zimakoka kampweya pang'ono, n'kupatsa tinthu ta mumpweyawo mphamvu ya magetsi, kenako n'kuyeza liwiro limene tinthuto tikuyendera mukapaipi kakang'ono. Mankhwala alionse ali ndi liwiro lake, ndipo yankho limabwera m'masekondi ochepa. Vuto lake ndi kulira kopanda chifukwa. Mankhwala okolopera pansi, perefyumu, ngakhale utsi wa dizilo zimatha kupusitsa chipangizo chotere. Chikalira katatu pachabe, anthu amatopa nacho, wina n'kuchepetsa mawu ake kapena kuzula waya. Ndapezapo zipangizo zodula zili zozimitsa chifukwa choti zinkasokoneza misonkhano. Chipangizo chozimitsa n'choopsa kuposa khoma lopanda kanthu, chifukwa aliyense wodutsa amakhulupirira kuti chikumulondera.

Kumbali ya tizilombo zinthu n'zovuta kwambiri. Mpweya umene mukupuma panopa ndi wodzaza ndi fumbi, mungu wa maluwa, nkhungu ndi mabakiteriya osavulaza. Pali makina a laser amene amatha kuona kuti tinthu tamoyo tachuluka mwadzidzidzi, koma sangatchule dzina lake. Kuti mudziwe dzina pamafunika kuyeza kwa PCR, njira yozindikirira kachilombo poyeza chibadwa chake (DNA), ndipo kumeneko kumafuna nthawi. Mu 2003 boma la United States linayambitsa ntchito yofufuza tizilombo mumpweya yotchedwa BioWatch m'mizinda yoposa 30. Makina amakoka mpweya tsiku lonse kudzera pasefa, munthu amabwera kudzatenga sefayo n'kupita nayo kulabotale, ndipo zotsatira zimatha kutenga mpaka maola 36. Anayesa kupanga makina oti azichita zonsezi okha pamalo pomwepo, koma ntchito yopanga makina atsopanowo inathetsedwa mu 2014. Ngati boma lolemera chotero linaimika manja, musamvere munthu wokuuzani kuti kabokosi kake kadzakutchulirani dzina la kachilombo m'sekondi imodzi. Makina a tizilombo amathandiza kuti anthu ayambe kumwa mankhwala msanga. Sathandiza kuti anthu asapume tizilomboto.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya ku Brentwood, malo osankhira makalata mumzinda wa Washington. Pa 15 Okutobala 2001, wogwira ntchito muofesi ya Senator Tom Daschle, phungu wa nyumba ya malamulo ya dzikolo, anatsegula kalata yokhala ndi ufa wa anthrax. Anthu a m'maofesi amenewo anayezedwa ndi kupatsidwa mankhwala mwachangu. Koma kalata ija sinagwe kumwamba. Inadutsa kaye ku Brentwood, m'makina othamanga kwambiri amene amafinya envelopu iliyonse. Akatswiri ankakhulupirira kuti envelopu yomata bwino singatulutse timbewu tokwanira kudwalitsa munthu m'mapapo. Sanaganizire kuti pepala lili ndi timabowo tokulirapo kuposa timbewuto, komanso kuti makinawo ankawayeretsa powauzira mpweya wamphamvu, umene unkamwaza fumbi lonse m'nyumbamo. Anthu anapitiriza kugwira ntchito mpaka pa 21 Okutobala. Ogwira ntchito awiri a pamalopo, Thomas Morris Jr. ndi Joseph Curseen Jr., anamwalira. Onse awiri anali atakaonana ndi madokotala, n'kubwezedwa kunyumba poganiza kuti ndi matenda wamba.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chenjezo linalipo kale. Pa 15 paja aliyense anadziwa kuti anthrax wadutsa m'makalata. Panalibe chipangizo chatsopano chimene chinkafunika kuti munthu afunse kuti, kodi kalatayi yadutsa m'manja mwa ndani, ndipo mpweya wa kumeneko wapita kuti? Masiku 6 amenewo anatayika chifukwa chodikira umboni. Makalata okhala ndi anthrax a chaka chimenecho anadwalitsa anthu 22 ndipo 5 anamwalira. Nyumba ya Brentwood inatsekedwa kwa zaka zoposa ziwiri, anaifukiza ndi mpweya wa chlorine dioxide, ndipo inatsegulidwanso mu Disembala 2003 itapatsidwa mayina a anthu awiri aja. Pambuyo pake ndi pamene a positi ofesi anaika makina a PCR pamalo osankhira makalata.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pankhani ya sarin mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa sarin weniweni alibe fungo. Pa 20 Malichi 1995, gulu lachipembedzo la Aum Shinrikyo linatulutsa sarin m'sitima zisanu zoyenda pansi pa nthaka ku Tokyo. Chenjezo loyamba linali anthu eni akewo: kutsokomola, mamina kuchucha, kuona mdima masana, kugwa. Ogwira ntchito awiri pasiteshoni ya Kasumigaseki anamwalira atachotsa mapaketi a sarin ndi manja awo pofuna kupulumutsa okwera. Sitima ina inapitiriza kunyamula anthu kupitirira ola lathunthu. Apolisi analengeza kuti ndi sarin patapita maola pafupifupi atatu, ndipo pachipatala cha St. Luke's ku Tokyo komweko ogwira ntchito ambiri anayamba kudwala chifukwa cha mpweya wotuluka m'zovala za odwala. Anthu angapo akayamba kudwala mofanana, pamalo amodzi, nthawi imodzi, imeneyo ndi alamu kale. Musadikire kuti bokosi livomereze.

Tsopano za akamberembere, chifukwa pamene pali mantha iwo sachedwa kufika. James McCormick wa ku Britain anagulitsa chipangizo chotchedwa ADE 651, kandodo kozungulira pa chogwirira cha pulasitiki, ponena kuti chimazindikira mabomba ndi mankhwala chili patali. M'kati mwake munalibe chilichonse chogwira ntchito. Anatengera kachidole kofufuzira mipira ya gofu ka madola pafupifupi 20, koma ankagulitsa chimodzi pamtengo wofika madola 40,000. Mu Meyi 2013 khoti la ku London linamulamula kukhala kundende zaka 10. Ngakhale zinali choncho, asilikali a ku Baghdad anapitiriza kuchigwiritsa ntchito m'misewu mpaka Julayi 2016, pamene bomba linapha anthu oposa 300 ku Karrada, dera la mumzindawo, ndipo nduna yaikulu ya Iraq Haider al-Abadi inalamula kuti chichotsedwe. Wogulitsa akakuuzani kuti chipangizo chake chimazindikira chilichonse, sichilira pachabe, ndipo sichifuna kuyezedwa chaka ndi chaka, musonyezeni khomo. Mufunseni labotale yoima payokha imene inachiyesa, mayina a mankhwala amene inayesera, ndiponso zinthu zimene zimachipusitsa. Wogulitsa woona amayankha funso lomalizali mosavuta. Wabodza amakwiya nalo.

Cholakwika china ndi cha sefa. Anthu amamva za HEPA, mtundu wa sefa yogwira tinthu tating'ono kwambiri, n'kuganiza kuti nkhani yatha. N'zoona kuti pa tinthu 10,000 ta kukula kwa ma micron 0.3 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), sefa ya HEPA imaphonya tinthu 3 tokha, choncho timbewu ta anthrax imatigwira. Koma sarin ndi klorini zimadutsa pa HEPA ngati mphepo pawaya. Zimenezo zimafuna makala okonzedwa mwapadera, amene amakhuta n'kusiya kugwira ntchito, makamaka kumalo achinyezi. Komanso sefa yabwino yoikidwa mufelemu yokhala ndi mpata wolowa chala ndi ndalama zotaya, chifukwa mpweya umalambalala n'kudzera pampatapo. Mukaikanso sefa yothina kwambiri pa fani yopanda mphamvu, mwaitsamwitsa nyumba.

Zimene zimatetezadi n'zosaoneka bwino m'maso, n'chifukwa chake sizigulitsidwa ndi timapepala tokongola. Mu 2002 bungwe la NIOSH la ku United States, loona za umoyo ndi chitetezo cha ogwira ntchito, linalemba malangizo amene ndimawatsatirabe. Khomo lokokera mpweya likwezedwe mamita osachepera 3.7 kuchokera pansi, ndipo kukwera kuposa pamenepo n'kwabwino kwambiri, popeza mpweya ngati klorini ndi wolemera ndipo umakwawa pansi. Chipinda cha makalata, polandirira alendo ndi potsitsira katundu zikhale ndi mpweya wakewake wosabwerera m'nyumba yonse. Ndipo musatseke makomo a mpweya mpaka kalekale chifukwa cha mantha, kapena kusokoneza makina ochotsa utsi pakabuka moto. Ndaonapo anthu akumata khomo la mpweya ndi malata, kenako ogwira ntchito n'kumadandaula mutu tsiku lililonse.

Ogwira ntchito ayeneranso kudziwa kusiyanitsa. Choopsa chikakhala kunja, zimitsani mafani, tsekani mawindo, lowani chipinda cham'kati ndiponso cham'mwamba. Chikakhala m'kati, tulukani, mulowere kumene mphepo ikuchokera, muvule zovala zapamwamba, musambe ndi madzi ambiri. Mukatsegula kalata n'kupeza ufa, musainunkhize, musaikutumule, musapite nayo kwa bwana kuti akaone. Iikeni pansi pang'onopang'ono, tulukani, tsekani chitseko, sambani m'manja ndi sopo, ndipo lembani mayina a onse amene anali m'chipindamo.

Panyumba ija ya maluwa tinakoka waya kuchokera kuchipinda cha makina kufika patebulo la mlonda, n'kuikapo swichi imodzi yofiira yozimitsa mafani onse ndi kutseka makomo a mpweya. Titayesanso, mlonda yemwe uja anazimitsa zonse m'masekondi 40. Koma khomo lokokera mpweya likadali pansi pomwe paja, kuseri kwa maluwa. Eni ake akuti ndalama zokwezera khomolo zidikire bajeti ya chaka chamawa, ndipo ndawalembera kale makalata atatu.