Khadi la ngongole lokulonjezani mpando wa first class: phindu lake ndi lotani?

Makampani a ndege ku America ndi ku Britain amagwirizana ndi mabanki potulutsa makhadi a ngongole okhala ndi dzina la kampani ya ndegeyo. Ndi malonda a ndalama zambiri. Mu 2024, Delta Air Lines yokha idalandira ndalama zoposa $7 biliyoni kuchokera ku American Express chifukwa cha mgwirizano wotere. Nyambo yomwe imakopa anthu ambiri ndi lonjezo loti mwini khadi azikwezedwa kuchoka pampando wamba kupita kutsogolo, ku first class. Musanavomere kulipira ndalama ya pachaka ya khadi lotere, dziwani kuti lonjezoli limabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri: pena mumangolembedwa pamndandanda wa odikira, pena mumapatsidwa vocha yogulira mpando wotsimikizika. Kotsatsa malonda ziwirizi zimamveka ngati chinthu chimodzi, koma m'thumba mwanu sizifanana n'komwe.

Tiyambe ndi mndandanda wa odikira, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Chitsanzo chodziwika ndi khadi la Delta SkyMiles Reserve, lomwe kuyambira 2024 limalipiridwa $650 pachaka, ndi Delta SkyMiles Platinum la $350. Eni makhadi awiriwa amaloledwa kupempha kukwezedwa kwaulere pamaulendo a mkati mwa America. Koma taonani momwe mzerewo umayendera. Delta ili ndi magulu anayi a makasitomala ake okhazikika, otchedwa Medallion: Diamond, Platinum (osati khadi lija), Gold ndi Silver. A Diamond ndi a Platinum amayamba kugawiridwa mipando kutatsala masiku 5 kuti ndege inyamuke, a Gold kutatsala masiku 3, a Silver kutatsala maola 24. Munthu amene ali ndi khadi lokha, wopanda udindo wa Medallion, amabwera pambuyo pa onsewa: wa Reserve poyamba, wa khadi la Platinum kumapeto. Zili ngati kufika paukwati nsima itagawidwa kale, n'kumadikira kuti mwina m'mphika mutsala kanthu.

Mipando yomwe akulimbiranayo ndi yochepa. Boeing 737-800 ya Delta imanyamula anthu 160, koma ya first class ndi 16 yokha. Komanso kampani sifunanso kuigawa ulere. Kumapeto kwa 2024, Glen Hauenstein, yemwe anali pulezidenti wa Delta, adauza eni masheya kuti zaka 15 m'mbuyomo mipando ya first class yolipiridwa pamaulendo a mkati mwa dzikolo inali pafupifupi 12 pa 100 iliyonse, koma tsopano yafika cha m'ma 75. Pa ndege ya mipando 16 ija, ndiye kuti pafupifupi 12 yagulidwa, yotsala ndi inayi. Ngati ndegeyo ikunyamuka ku Atlanta, Detroit kapena Minneapolis Lolemba m'mawa kapena Lachinayi madzulo, pomwe oyenda pantchito amachuluka, a Medallion okha amakhala ambiri kuposa mipando yotsalayo. Wa khadi lokha safikiridwa. Mwayi umaonekako pang'ono Loweruka, pakati pa sabata masana, kapena pamaulendo afupi opita kumizinda ing'onoing'ono, omwenso ndi maulendo amene mpando wabwino suthandiza kwenikweni.

Palinso zolakwika zomwe zimachotsa munthu pamndandanda asanayambe n'kudikira komwe. Tikiti yotsika mtengo kwambiri, ya gulu la Basic, siloledwa kukwezedwa. Nambala yanu ya umembala wa SkyMiles, pulogalamu ya mapointi ya Delta, ikapanda kulembedwa pa tikiti, kompyuta sikudziwani kuti muli ndi khadi. Ngakhale kwa a Medallion, mwayiwu umafika kwa mwini wake ndi mnzake mmodzi, choncho banja la anthu anayi logula matikiti pamodzi lisayembekezere kanthu.

Chachikulu kwa Amalawi ndi Azambia okhala ku America ndi ichi: kukwezedwa kwaulereku sikufika pa ulendo wopita kumudzi. Delta imauluka kuchoka ku Atlanta kupita ku Johannesburg ndi Cape Town, maola pafupifupi 15 m'mlengalenga, ndipo mipando yogona ya Delta One paulendowu siili m'gulu la zogawidwa ulere kwa eni makhadi. Mukakwera Kenya Airways kudzera ku Nairobi, ngakhale ili mumgwirizano wa SkyTeam pamodzi ndi Delta, khadilo silikukwezani. Ethiopian Airlines, yomwe ambiri amakwera pofika ku Lilongwe ndi Blantyre, ili mumgwirizano wina wa Star Alliance, ndipo ilibe first class, ili ndi Cloud Nine, yomwe ndi business class. Tikamanena za first class ya mkati mwa America, tikunena mpando wotakasuka, iwiri mbali iyi iwiri mbali iyo m'malo mwa itatu, malo otambasulirako miyendo, chakumwa, ndi chakudya ulendo ukakhala wautali. Si bedi ayi.

Ena amatenga khadi kuti liwathandize kupeza udindo wa Medallion, n'kusunthira kutsogolo kwa mzere. Izi zimatheka, koma werengani bwino. Delta imayeza udindo ndi zomwe imazitcha MQD, mapointi omwe mumapeza makamaka malinga ndi ndalama zomwe mwalipira pa matikiti. Malinga ndi malamulo omwe adayamba mu 2024, Silver amafunika 5,000, Gold 10,000, Platinum 15,000 ndipo Diamond 28,000. Khadi la Reserve kapena Platinum limakupatsiranitu 2,500 chaka chilichonse. Kenako Reserve imawonjezera MQD imodzi pa $10 iliyonse yomwe mwagula nayo zinthu, pomwe Platinum imawonjezera imodzi pa $20. Munthu wosakwera ndege kawirikawiri ayenera kugula zinthu za $25,000 ndi Reserve, kapena $50,000 ndi Platinum, kuti angofika pa Silver, udindo wotsikitsitsa. Akadagula zinthu za $25,000 zomwezo ndi khadi laulere lobweza 2 peresenti, akadalandira $500 m'manja. Zoona, Reserve nayo imapereka mamailosi, omwe ndi mapointi ogulira matikiti, imodzi pa dola iliyonse pa zogula wamba, koma mailosi imodzi ya Delta nthawi zambiri siposa kwenikweni senti imodzi mukamagulira tikiti. Njira iyi imayenera munthu amene ntchito yake imamuyendetsa kale pa Delta ndipo wangotsala pang'ono kufika pa Gold kapena Platinum. Kwa wotereyu khadi la Reserve limathandizanso posankha wokwezedwa pakati pa anthu ofanana udindo.

Vocha ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe pali phindu lowerengeka. Reserve imapereka chikalata cha mnzanu woyenda naye chaka chilichonse mukalipiranso khadi, kutanthauza kuti chaka choyamba simulandira. Mumagula tikiti imodzi yopita ndi kubwerera, ngakhale ya first class, mnzanuyo n'kungolipiridwa misonkho, yomwe siposa $80 pamaulendo a mkati mwa America. Mpando umatsimikizika tsiku lomwe mwagula, palibe kudikira pageti. Vuto lake n'lakuti si tikiti iliyonse ya first class yomwe imalola chikalatachi. Kampani imapatula mitundu ina ya mitengo, ndipo nthawi ya Thanksgiving ndi Khrisimasi imatha msanga.

Kwa abale a ku Britain, makhadi oyenera kuwayang'ana ndi a British Airways, yomwe imauluka kuchoka ku London Heathrow kupita ku Johannesburg, komwe munthu amalumikiza ndege ina yopita ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Harare. Khadi la British Airways American Express Premium Plus lidakwera kufika £300 pachaka mu 2024, ndipo mukagula nalo zinthu za £15,000 m'chaka chimodzi mumalandira vocha yogwira ntchito zaka ziwiri. Ndi vochayi anthu awiri amayenda pa mapointi a British Airways, otchedwa Avios, okwanira munthu mmodzi, kapena munthu mmodzi amalipira theka la mapointi, m'chigawo chilichonse cha ndege kuphatikizapo First. Khadi laulere la mtundu womwewu limapereka vocha ya mipando wamba yokha. Barclaycard Avios Plus, ya £20 pamwezi, imapereka vocha yokwezera mukagula za £10,000: mumalipira mapointi a chigawo chotsika n'kukhala m'chigawo chotsatira. Chenjerani apa, vocha ya Barclaycard sifika ku First, imathera pa business class, yomwe British Airways imaitcha Club World.

Mavochawa amagwira ntchito pa matikiti ogula ndi Avios okha, choncho muyenera kukhala ndi mapointi okwanira kale, ndipo pa ndegeyo payenera kupezeka mpando wogulitsidwa pa mapointi. British Airways imatsegula mipando yotere kutatsala masiku 355, ndipo imalonjeza yosachepera inayi ya Club World pa ndege iliyonse yonyamuka ku Heathrow. Ku First palibe lonjezo lotere. Mipando ya Disembala yopita ku South Africa imatha ikangotsegulidwa, ndiye amene akufuna kukadyera Khrisimasi kumudzi ayenera kukhala atadziwa masiku ake a tchuthi pafupifupi chaka chathunthu ulendo usanafike. Misonkho ndi ndalama zina zowonjezera mumalipira ndi ndalama zenizeni, aliyense payekha, ndipo pa ulendo wautali m'zigawo zapamwamba zimakwana mapaundi mahandiredi angapo. Vocha ikhoza kutha nthawi isanagwiritsidwe ntchito ngati mwini wake sadakonzekere zimenezi.

Powerengera phindu, musatenge mtengo womwe kampani yalemba pa tikiti ya first class. Ngati simukadalipira $900 ya m'thumba mwanu pampando umenewo, kuupeza ulere sikutanthauza kuti mwapulumutsa $900. Dzifunseni ndalama yomwe inuyo mukadalolera kuwonjezera. Tiyerekeze kuti ndi $100 pa ulendo wa maola atatu, kuti mumakwera ndege kasanu ndi kamodzi pachaka, ndipo mwachita mwayi mwakwezedwa kamodzi. Phindu lanu ndi $100. Tsopano yerekezani ndi khadi la Delta SkyMiles Gold la $150 pachaka, lomwe limakupatsani kale chikwama choyamba chaulere ndi kukwera msanga. Reserve imaposa pamenepo ndi $500. Ndalama yotsalayo iyenera kubwezedwa ndi chikalata cha mnzanu chija ndi mwayi wolowa m'zipinda zopumira za Delta pabwalo la ndege, zotchedwa Sky Club, womwe kuyambira Febuluwale 2025 ndi maulendo 15 pachaka, pokhapokha mutagula zinthu za $75,000 ndi khadilo. Ngati mumayenda nokha ndipo bwalo la ndege la kwanuko lilibe Sky Club, masamu amenewa sakwana, ndipo ndi bwino kusunga $500 ija n'kumagula nokha kukwezedwa komwe kampani imatsatsa pa apu yake mukagula tikiti. Mitengo yake imasinthasintha, choncho muziyang'ana kangapo tsiku la ulendo lisanafike.

Zonsezi zikugwira ntchito kwa munthu amene amalipira bilu yonse ya khadi mwezi uliwonse. Chiwongoladzanja cha makhadi a ngongole ku America chimapitirira 20 peresenti pachaka. Mukakhala ndi ngongole ya $3,000 chaka chonse, mwalipira $600 kapena kuposerapo, kuwonjezera pa ndalama ya pachaka ija. Ambiri okhala kunja ali kale ndi udindo wotumiza ndalama za fizi, feteleza ndi zachipatala kumudzi, ndipo kudzikakamiza kugula zinthu za £15,000 kuti vocha ituluke kungakankhire munthu m'ngongole yotere. Yang'anani zomwe mudagula ndi khadi miyezi 12 yapitayi. Ngati sizifika pamlingo womwe banki ikufuna popanda kuwonjezera dala, khadilo si lanu. Malamulo ndi mitengo ya makhadiwa zimasintha pafupipafupi, ndiye mwezi wolipira ndalama ya pachaka ukamayandikira, werenganinso zomwe banki yalemba ndipo muwerengere kuti chaka chathachi mudakwezedwa kangati.