Mpopi umodzi, makomo asanu: kumene lendi ya ku Mangochi inachokera

Munthu akamasaka nyumba ya lendi ku Mangochi, mafunso ake amakhala odziwikiratu. Madzi ali pompo kapena n'kokatunga? Mita ya magetsi ndi yayokha kapena yogawana? Siling'i ilimo? Funso la siling'ili amalipeputsa okhawo amene sanagonepo pansi pa malata mu Okutobala wa kuno. Lina limene ambiri amalifunsa atalowa kale m'nyumba ndi lakuti eni ake ali kuti. Kawirikawiri amayankhidwa kuti ali ku Joni, ndalama muzipereka kwa mayi awo kapena kwa alamu awo. Zonsezi zili ndi pomwe zinayambira.

Tauni ino sinamangidwe poganizira anthu wamba. Mu 1891 Harry Johnston, mkulu wa atsamunda a ku Britain kuno, anamanga linga m'mbali mwa Shire, kufupi ndi mudzi wa mfumu Mponda, pofuna kutseka njira ya akapolo ndi minyanga imene inkadutsa pamenepa. Patapita zaka zochepa boma linakhazikika pomwe lili lero, kumadzulo kwa mtsinje. Fort Johnston, monga ankatchulira pa nthawiyo, linali doko ndi boma basi: maofesi, nyumba za azungu, kalabu yawo imene lero ndi myuziyamu, masitolo a amwenye, ndi chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria chija chili pafupi ndi mlatho. Asilikali, apolisi ndi makalaliki ochepa ankagona m'nyumba za boma. Ena onse, okhukhi, amtengatenga, ogwira ntchito m'sitima, ankalawirira kuchokera m'midzi yozungulira ndipo dzuwa likapendeka ankabwerera kwawo. Panalibe woti n'kumumangira nyumba ya lendi.

Ngakhale dzina litasintha kukhala Mangochi dziko litalandira ufulu, tauniyi inakhalabe yaing'ono kwa nthawi yaitali. Kalembera wa mu 1977 anapezamo anthu ongopitirira pang'ono 3,000. Pofika 2018 anali atadutsa 53,000. Anthu onsewa sakanakwana m'misewu yotakata ija ya atsamunda, ndipo nyumba za boma ndi za Malawi Housing Corporation zinali zochepa kwambiri. Choncho tauni inangolowerera m'midzi. Madera ngati Mpondasi, Kalonga ndi Mtalimanja ndi midzi imene tauni inaipeza ilipo kale, ndipo mlatho wa Bakili Muluzi utatsegulidwa mu 2002 zinakhala zosavuta kugona tsidya, cha kwa M'baluku, n'kumagwira ntchito pa boma.

Apa m'pamene pagona nkhani. Malo a m'midzi imeneyi anali m'manja mwa mafumu ndi mbumba, ndipo pa chikhalidwe cha Ayao, monganso Achewa, malo amayenda ku chikazi. Munthu akafuna pomanga ankapita kwa amfumu kapena kwa mwini mbumba, iwo n'kumulozera kuti kuyambira pa mtengo wa mango uwo kukafika pa chulu icho. Panalibe wosiya mpata wa msewu, wa ngalande kapena wa paipi. N'chifukwa chake mpaka lero tinjira tina timadutsa njinga ya kabaza yokha, ndipo wosamuka amatsitsira katundu ku msewu waukulu n'kumasenza mipando pamutu.

Nanga ndalama zomangira zinachokera kuti? Zina ku nsomba, m'masiku amene chambo chinali chikadali chambiri m'nyanja ya Malombe. Koma zambiri ndi za ku Joni. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, mpaka mu 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, n'kuthanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuyambira cha m'ma 1994 anyamata anayamba kupita okha pa basi, opanda kontilakiti, kukagwira m'masitolo, m'magalaja ndi m'nyumba za anthu. Ndi maboma ochepa amene atumiza ana awo ku South Africa ngati Mangochi.

Ndalama ya ku Joni siibwera pakamodzi, ndipo nyumba zake zimaonetsa. Chaka chino awumba njerwa ndi kuwotcha uvuni. Chaka chamawa malata. Nyumba yaikulu ikatha, amalowetsa madzi ndi magetsi, mpopi umodzi pabwalo ndi mita imodzi pakhoma, zokwanira banja limodzi. Kenako kumbuyo kukatsala malo amamanga mdadada wa zipinda zinayi kapena zisanu, kuti ndalama ya lendi izidyetsa ana ndi kulipira fizi mwini wake akakhala kuti ntchito yamuthera. Zipinda zimachuluka, koma mpopi, mita, bafa ndi chimbudzi zimatsala zomwe zija.

Aliyense amene anakhalapo pa puloti yotere amadziwa zotsatira zake. Bilu ya madzi ikabwera, wosakwatira wa chipinda cha kumapeto amati tigawane powerenga mitu, poti iye amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Mayi wa ana anayi amati ayi, tigawane powerenga makomo, ndi mmene tinazipezera. Mapuloti ena anafika poika loko pa mpopi, kiyi n'kumasunga amayi a landilodi, kutsegula m'mawa ndi madzulo basi. Mayunitsi ndiye nkhani ina. Pamakhala kope lolemba amene wagula ndi amene akubwera pambuyo pake, koma mita ikayamba kulira usiku kope lija silithandiza, aliyense amakumbukira amene ali ndi filiji yogulitsira mafilizesi ndi amene anamuona akusita. Kuphikira magetsi ndi koletsedwa pafupifupi paliponse, ndiye mbaula ndi makala zimakhala pakhomo lililonse. Chimbudzi chikadzadza kapena kugumuka ndi mvula, zomwe sizichedwa m'dothi lamchenga la m'mbali mwa mtsinje, woyang'anira amati dikirani ndiwauze eni ake pa WhatsApp, ndipo alendi amadikira mpaka randi itatumizidwa.

Ine sindiona nkhanza mwa ambiri a eni nyumbazi. Munthu amene wagona zaka zambiri m'kachipinda ka ku Johannesburg kuti amange kwawo amadziwa bwino kuwawa kwa lendi. Koma sindivomerezanso kuti wolipira mwezi ndi mwezi azipempha madzi ngati akupempha mchere. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti Shire akuyenda pafupi pomwepa, komabe mpopi ukauma mayi amasankha pakati pa mzere wa zigubu pa kiyosiki ndi madzi a ku dooko, kumene kuli ng'ona ndi matenda. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'boma lino, ndipo pa puloti ya chimbudzi chimodzi mantha ake anali a tsiku ndi tsiku.

Ochita lendi ambiri ndi obwera: aphunzitsi, anamwino, apolisi, ophunzira, ogwira ntchito m'malo ogona alendo a ku nyanja, ogula usipa ndi utaka wokagulitsa ku Limbe. Amafika akuyankhula Chichewa chokha, mwezi usanathe ayamba kulonjera m'Chiyao pa mpopi. Amazolowera kudzuka ndi adhana, kuitana kwa mapemphero ku mzikiti, m'bandakucha. Eni nyumba ena amanena poyambirira pomwe kuti pano nkhumba siphikidwa, mowa subwera, ndipo wolowa amavomera. M'mwezi wa Ramadan si zachilendo kuona mwana wa landilodi akugogoda pakhomo la mphunzitsi wachikhristu ndi mbale ya futali. Mapangano onsewa ndi apakamwa, monga zinaliri pogawa malo kalelo.

Omanga masiku ano aphunzirapo kanthu. Nyumba zatsopano zambiri ndi za selufu, za mpanda wa njerwa, ndipo khomo lililonse lili ndi mita yakeyake. Mikangano ya bilu kulibe kumeneko, koma amafuna adivansi ya miyezi itatu, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zakwera, lendi nayo yatsatira. Olandira malipiro a pamwezi akusamukira m'nyumba zimenezi. Wakabaza ndi mayi wogulitsa mandasi akulowa m'zipinda zimene iwo azisiya ku mdadada.