Zakuchipinda si matenda onse, koma khosi musaseweretse

Ndatopa kumva alangizi anzanga a zamaganizo, ena odziwa ntchito ndithu, akunena kuti munthu wokonda kumangidwa kapena kulamulidwa kuchipinda mutu wake sukuyenda bwino. Mabuku athu omwe anasiya zimenezo. Buku la DSM-5 la madokotala a maganizo ku America linasiyanitsa chilakolako chachilendo ndi matenda mu 2013. Bungwe la WHO nalo, mu ndandanda wake wa matenda wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linachotsamo zimene akuluakulu amachita atagwirizana, n'kusiyamo za munthu wosangalala pozunza mnzake amene sakufuna. Koma ophunzira ambiri amene amabwera kudzazolowera ntchito kwa ine kuno ku Blantyre sanaphunzitsidwepo za BDSM, dzina la masewera a kuchipinda omangana ndi kulamulana mogwirizana, ndipo akazimva kwa wodwala amakwinya nkhope. Wodwalayo amaona, sabweranso.

Ena amati n'zachizungu. Kaya zinachokera kuti, zili m'mafoni ndi m'nyumba za anthu ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Namiwawa. Ifenso tili ndi mikanda ya m'chiuno ndi malangizo a anankungwi zimene mlendo angadabwe nazo, koma palibe amazitcha misala.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anapita kwa mlangizi chifukwa chosowa tulo amayi ake atamwalira. Pokamba za banja, anatchula mongodutsa kuti nthawi zina amuna ake amamumanga manja ndi chitenje, ndipo amapempha ndi iye mwini. Basi, nkhani ya maliro inathera pomwepo. Mlangizi uja anayamba kufufuza amene anamugwirira ali mwana, pomwe panalibe, kenaka n'kumuuza kuti aitane ankhoswe ndipo akapemphereredwe. Mayiyo anachita manyazi n'kukakhala kunyumba miyezi. Pofika kwa ine anali atasiya kudya, akuganiza zodzipha. Za amayi ake panalibe amene anamufunsa.

Mlangizi wophunzitsidwa bwino safunsa kuti mumachitiranji zimenezi. Amafunsa ngati munakambirana musanayambe, ngati muli ndi mawu oimitsira, komanso ngati mnzanuyo amasiyadi mawuwo akanenedwa. Amafunsanso za kunja kwa chipinda: mumamuopa? Foni ndi ndalama zanu amakulandani?

Mafunso omwewa ndi amene amagwira anthu ankhanza, chifukwa alipo abambo amene amamenya akazi awo n'kumati ndi masewera anaona pa intaneti. Ngati munakana iye n'kupitiriza, kapena mumavomera chifukwa cha mantha, imeneyo ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limakutetezani. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku One Stop Centre ya ku Queens, kumene amathandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Musadikire kuti ankhoswe apeze tsiku.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukanyanga pakhosi pogonana, kumene achinyamata akutengera m'mavidiyo. Palibe njira yabwino yochitira zimenezi, ngakhale mutagwirizana. Mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukhoza kung'ambika mkati pakhungu posaoneka kanthu, munthu n'kudzachita sitiroko patapita masiku. Mawu akasasa, kumeza kukamawawa, mutu ukamapweteka kwambiri, ngati munakomoka kapena mbali imodzi ya thupi yafooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Dzanja likachita dzanzi chifukwa cha chingwe osasiya, chimodzimodzi.

Ndipo chonde, musataye masiku amenewo kwa mneneri wotulutsa ziwanda, kwa sing'anga, kapena kwa alangizi a pa Facebook opanda pepala lililonse. Mukafika kwa dokotala nenani zenizeni, osati munagwa m'bafa, chifukwa mukabisa adzapima malo olakwika.