Mwachira hepatitis C, nanga bwanji kapepala kakunenabe kuti positive?

Sabata yatha kunabwera abambo ena ku kiliniki nkhope ili gwa, kapepala kali m'manja, olo moni anayankha mokakamiza. Ndi munthu amene tinayenda naye chaka chatha pa mankhwala a hepatitis C, kachilombo kogwira chiwindi, anamwa bwinobwino mpaka kumaliza, ine ndemwe ndinawauza kuti tate mwachira, pitani mukalime. Manje ku tchalitchi kwao kunabwera anthu oyeza magazi mwaulere, aja obaya pa chala, iwo nkuti aaa ndiyezetse ndione, mizere nkutuluka iwiri. Ati a dokotala munandinamiza chifukwa chani, ndinagulitsa masaka a nshawa kuti ndizipeza thiransipoti yobwerera kuno, kodi matenda aja alipobe?

Ine si dokotala, ndine clinical officer, koma kuno aliyense wovala choyera ndi dokotala basi ndiye ndinatopa nako kukonza. Ndinawakhazika pansi, ndipo zimene ndinawauzazo ndi zimene ndikufuna ndilembe pano chifukwa si iwo okha amene anasowapo tulo ndi kapepala kotere.

Anzathu a ku Mambwe uko cha ku Mfuwe amadziwa bwino, njovu ikalowa m'munda usiku, m'mawa umapeza mapazi ake. Mapaziwo sakutanthauza kuti njovu ili m'mundamo, akungonena kuti inadutsa. Koyeza ka pa chala kaja sikafuna kachilombo ayi, kamafuna asilikali amene thupi linapanga pomenyana ndi kachilomboko, ma antibody. Asilikali amenewa mwa anthu ambiri amakhala m'magazi moyo onse olo kachilombo katafa kalekale. Ndiye munthu amene anachira akayezetsa pa chala kaya chaka chamawa, kaya patapita zaka 20, mizere idzatulukabe iwiri. Ndi mapazi chabe. Chimene chimaona njovu yeniyeniyo ndi kuyeza kwina, kwa RNA, ena amati PCR kapena viral load, kotenga magazi a pa mkono nkuwatumiza ku labu yaikulu. Makina a GeneXpert omwe aja oyezera makhololo a TB amathanso kuyeza ngati katiriji yake ilipo. Lamulo lake ndi lakuti ukamaliza mapilisi udikire masabata 12, ukayezetse RNA, ikapanda kupezeka ndiye kuti wachira. M'mafayilo timalemba kuti SVR12. Pepala la rizati imeneyo musalisiye m'thumba la jekete nkulichapira limodzi, lijambuleni pa foni, lina muike mu Baibulo, chifukwa kulikonse kumene adzakubayeni pa chala mudzafunika kulionetsa.

Ndipo pali anthu ena, pafupifupi 3 pa 10 alionse otenga kachilomboka, amene thupi lawo limakachotsa lokha m'miyezi 6 yoyamba osamwa kanthu. Naonso pa chala amatuluka positive. Nchifukwa chake munthu sayenera kuyamba mankhwala pongoona mizere iwiri.

Koma ndaona kuti chimene chimavuta anthu kukhulupilira si mapazi a njovu okha. Ife kuno tinaphunzitsidwa za mavayirasi ndi HIV. Zaka zonsezi takhala tikulalikira kuti viral load ikapanda kuoneka musasiye mankhwala, kachilombo kangogona, mukasiya kadzuka. Uthenga umenewu unalowa mpaka m'mafupa, ndipo pa HIV ndi oona, musasiye. Ndiye lero munthu yemwe uja wa choyera akuti siyani kumwa mwachira, mpake kukayika. Kusiyana kwake nkwakuti HIV imalemba dzina lake m'kati mwa maselo athu, imabisala momwemo kudikira tsiku. Hepatitis B nayonso imasiya kambewu kake m'maselo a chiwindi. Koma C ilibe nkhokwe yotere, imakhala ndi moyo pokhapokha ikamaswana tsiku ndi tsiku, ukaitsekera njira yoswanirana kwa masabata okwanira imatha yonse phyiti. Amayi ena anandipempha kuti ndiwapatseko mabotolo ena awiri azimwabe pang'onopang'ono podziteteza, ayi mama, palibe chimene mapilisiwo akaphe.

Tikunena pano mankhwalawa ndi atsopano ndithu. Kachilombo ka hepatitis C kanadziwika mu 1989, ndipo amene anagwira ntchitoyo, Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Kale mankhwala ake anali jekiseni ya interferon sabata iliyonse pamodzi ndi mapilisi a ribavirin, kwa ena mpaka masabata 48, munthu kumangomva ngati ali ndi malungo chaka chathunthu, pamapeto pake ochira nkukhala pafupifupi theka chabe. Mankhwala atsopano otchedwa sofosbuvir anavomerezedwa ku America mu 2013, pilisi imodzi madola 1,000, kosi yonse madola 84,000, ndalama yoti ungagule nayo mathirakita. Pano makampani a ku India ndi kwina amapanga otchipa, amaphatikiza sofosbuvir ndi daclatasvir kapena velpatasvir, kumwa kamodzi pa tsiku masabata 12, ena amafunika 24 ngati chiwindi chinaonongeka kwambiri, ndipo opitilira 95 pa 100 alionse amachira. Ku Egypt kumene kachilomboka kanafala chifukwa cha majekiseni a likodzo amene ankabaya anthu m'midzi ndi masingano osaphika bwino kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, boma linayeza anthu mamiliyoni ndi mamiliyoni nkuwapatsa mankhwala, mpaka mu 2023 a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, anawapatsa ulemu wa golide pa ntchito yothetsa hepatitis C, dziko loyamba kufika pamenepo. Ndimakonda kuwauza odwala nkhani imeneyi kuti aone kuti sitikuyesera pa iwo.

Tsopano tibwerere kumunda kuja. Njovu yapita, nanga chimanga chasala bwanji? Apa mpamene anthu ochira amasiyana, ndipo apa mpamene ndimafuna munthu amvetsere kuposa pena paliponse.

Kachilomboka kamakhala zaka 10, 20, olo 30 kakudya chiwindi mwakachetechete, munthu akungomva kutopa kumene aliyense amati ndi khasu. Chiwindi chikamavulala chimapola ndi zipsera. Ngati zipserazo zinali zochepa, mukachira chiwindi chimadzikonza chokha, ndi chiwalo chakhama zedi, ndipo munthu otere timatha kumutsanzika kuti basi fayilo tatseka. Koma ngati zipsera zinachuluka mpaka chiwindi kuuma nkukhala tokhotokho, imene timati cirrhosis, kuchira kwa kachilombo kumaimitsa kuonongekako, ngozi ya khansa imatsika kwambiri, koma siifika pa ziro. Munthu otere afunika sikani ya chiwindi miyezi 6 iliyonse, moyo onse. Ndikudziwa, kuchoka ku Vubwi kapena ku Chadiza kubwera ku Chipata kawiri pa chaka uli bwinobwino osamva kuwawa paliponse zimaoneka ngati kutaya ndalama, makamaka nthawi yogula fetereza. Koma khansa ya chiwindi siiwawa ikali yaing'ono, ikayamba kuwawa nthawi zambiri yakula kale, ndipo ife amene timagwira m'mawodi taona anthu akubwera mimba ili ng'a, maso achikasu, pamene chotsala ndi kungochepetsa ululu. Ndiye funso lofunsa tsiku limene akuuzani kuti mwachira ndi ili, chiwindi changa chili pati, ndili ndi cirrhosis kapena ayi? Akapanda kukuuzani funsaninso, musaope kuti akalipa. Ndipo amene muli ndi cirrhosis, mukasanza magazi, chimbudzi chikada ngati phula, mimba kapena miyendo ikatupa, mutu ukayamba kusokonezeka kumagona masana usiku maso ali gwa, musadikire tsiku la pa kadi, kwerani njinga kapena honda lomwelo.

Za mowa ndinene mosapsatira. Ndinamvapo munthu akuti a dokotala poti ndachira lero ndikagula kachasu ka botolo limodzi tikondwere. Ndinaseka koma mtima unawawa. Wa cirrhosis mowa ndi ziro, kaya kachasu, kaya Chibuku, kaya Mosi wozizira wa pa ukwati, chiwindi sichiwerenga lebulo. Wopanda cirrhosis, mabuku sakuletsani kotheratu, koma maganizo anga ine ndi akuti munthu amene wakhala miyezi itatu osalawa waona kale kuti nzotheka, abwerere chani. Madzi saiwala khwawa, ukangoti kamodzi pa Nc'wala, pofika nthawi yokolola uli pa benchi yomwe ija ndi anzako omwe aja.

China chimene sitichinena mokwanira ndi chuku. Kuno kum'mawa timanyada ndi nshawa, koma onani zimene timachita pakhomo, zabwino zonona timasankha kupita nazo ku msika, zofota, zoboola, zakuda zija ndiye timati izi tisinje zotendera ndiwo. Mu nshawa ndi chimanga zimene zinasungidwa zisanaume bwino mumamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo ameneyu amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali ndi hepatitis B. Kukazinga kapena kuwilitsa sikumupha. Munthu amene chiwindi chake chili ndi zipsera kale asamadye zotsalira zija, ndipo kunena zoona olo ana asamadye.

Mankhwala ogula pa kantemba nao samalani. Panado pa mlingo wake alibe vuto, vuto ndi kumwa atatu atatu kangapo pa tsiku kuonjezera ndi mankhwala a chimfine amene alinso ndi Panado yemweyo m'kati. Brufen ndi diclofenac wa cirrhosis asayandikire, amaononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Nanga aja amakwera m'basi ya ku Lusaka ndi mabotolo ati otsuka chiwindi, ena amagulitsa pa Facebook ndi zithunzi za chiwindi chonyezimira, chiwindi si poto ayi kuti chikwechedwe, ndipo zina mwa zosakanizazo ndi zimene zimachipweteka. Ndalamayo sungani ya sikani.

Kodi njovu ingabwerenso? Ingabwere, mpanda palibe. Hepatitis C ilibe katemera, ndipo asilikali aja amene amatulutsa mizere iwiri sateteza, munthu atha kuchira lero nkutenganso chaka chamawa. Njira yake ndi magazi. Lezala limodzi lotemera mphini banja lonse, jekiseni ya kuseri kwa nyumba kwa munthu amene amangoti ndinagwirapo ku chipatala, singano yobowolera makutu, mashini ya ku babashopu imene yacheka mnzako nkungoipukuta pa thalauzi, mswachi wobwerekana, ndi achinyamata amene ayamba kudzibaya mankhwala ozunguza bongo. Kwa asing'anga sindikuletsani, koma gulani lezala lanu latsopano, mulitsegule nokha, aliyense lake. Amene ali pa ngozi yotenganso aziyezetsa RNA, ya pa chala kwa iwo ilibenso ntchito. Magazi a kuchipatala masiku ano amayezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko asanapatsidwe munthu, ndipo pa chifukwa chomwecho inu ochira mukapita kukapereka magazi sadzawagwiritsa ntchito, musakhumudwe, ndi mapazi aja.

Pa ziwirizi, hepatitis B yokha ndiyo ili ndi katemera, ndipo kuno kwathu B ndi yofala kuposa C. Ngati munayezetsa nkupezeka mulibe, funsani za katemerayo. Ngati muli nazo zonse ziwiri auzeni a chipatala azikuyang'anirani, chifukwa B imatha kudzuka pamene C ikuphedwa kapena itangotha. Amene mukali pa mankhwala nenaninso ngati mukumwa a TB kapena a khunyu, rifampicin ndi carbamazepine amafoola mankhwala a hepatitis C.

Pakhomo pakhale mtendere. Kachilomboka sikayenda m'mbale, m'kapu, pogwirana chanza kapena ndi udzudzu, ndipo munthu amene wachira sangapatsire aliyense poti alibe choti apatsire. Mkazi kapena mwamuna wanu ayezetse kamodzi kuti mudziwe, olo kuti kupatsirana pogonana kwa anthu a m'banja sikuchitika kawirikawiri. Mayi amene anachira atha kutenga mimba nkuyamwitsa bwinobwino, koma ngati pa mankhwala anu panali ribavirin, dikirani miyezi yosachepera 6 ngati anamwa ndi bambo, 9 ngati anamwa ndi mayi, chifukwa ameneyu amapundula mwana m'mimba. Ana amene anabadwa mayi asanachire ayezedwe, ya pa chala imakhala yodalirika mwana akakwana miyezi 18.

Abambo aja nditamaliza kulongosola anakhala chete, kenako ati ndiye kapu yanga ija? Kani kuyambira tsiku la mizere iwirilo akazi awo anabwezeretsa kapu ya pulasitiki yofiira ndi mbale yawoyawo pa windo, monga ankachitira chaka chatha, adzukulu nkuletsedwa kudya nawo. Tinatsegula fayilo, ndinawaonetsa rizati ya RNA ija, ndinawalembera tsiku la sikani poti iwo chiwindi chao chili ndi zipsera zambiri ndipo anali atadumpha kale imodzi. Ndinati Lachinayi mubwere ndi amayi ndidzawauze ndekha za kapuyo. Ati abwera, koma mochedwerako, ayambe aperekeza mbuzi kudambo.