Dzanzi la m'manja, kalata ya kuntchito ndi chipukuta misozi: mayankho ochokera kuchipinda cha mafizo

Chiyambire mvula, pabenchi ya chipinda chathu cha mafizo kuno ku Mulanje pakumadzaza anthu odandaula dzanzi m'zala, ndipo ambiri ndi othyola tiyi. Mzere utayamba kufika panja, panamveka mawu akuti tikukondera, ena n'kumati tikukana dala kulemba makalata a chipukuta misozi. Pofuna kuchepetsa chipwirikiti, tinakonza zoti odwala manja tiziwaona Lachinayi, atabwera ndi kalata yowatumiza kwa ife. Awa ndi mafunso amene akhala akubwera mobwerezabwereza pakhomo pathu.

Ndibwere ndi chiyani?

Buku lanu la kuchipatala, kalata yochokera kumene munayamba kuonedwa, ndi mankhwala onse amene mukumwa.

Kodi ndilipira?

Kuonedwa ndi kuphunzitsidwa mafizo pa tsikuli simulipira. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti mudumphe mzere, mutidziwitse.

Bwanji mukufuna kalata? Dzanzi ndi dzanzi basi.

Ayi, dzanzi lili ndi magwero ambiri, ndipo kalatayi sitinaiike pofuna kukuvutitsani. Shuga amachititsa dzanzi. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amachititsanso, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. HIV nayo, mowa wambiri, ndi vuto la mafupa a m'khosi zimafika m'zala. Khate silinatheretu m'dziko muno, ndipo limakonda kutupitsa mtsempha wa pachigongono. Munthu amene dzanzi lake linayambira kumapazi onse awiri n'kumakwera, vuto lake silili pamfundo ya dzanja, ndipo akataya tsiku lonse pabenchi yathu sitimuthandiza kanthu. Ayambe wapimidwa shuga ndi magazi.

Koma dzanja likafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupindika kapena mawu n'kumatuluka movuta, musadikire Lachinayi kapena kalata. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa ikhoza kukhala sitiroko.

Nanga "mtsempha wapanikizika" ndiye kuti chiyani?

Tikamati mtsempha pano sitikunena wa magazi, koma uja wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi zala. Mitsempha ikuluikulu yotere m'mkono ilipo itatu, ndipo uliwonse uli ndi malo opapatiza amene umadutsa.

Woyamba umadutsa pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, m'kanjira kothina kamene umagawana ndi minyewa 9 yopinda zala. Mukatupa pang'ono m'kanjiramo, wofinyika ndi mtsemphawo. M'buku lanu timalemba kuti carpal tunnel syndrome. Dzanzi lake limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala champhete, koma chala chaching'ono chimakhala bwinobwino. Limakonda usiku. Amayi ambiri amatifotokozera zofanana: amadzidzimuka tambala asanalire, dzanja likuyaka ngati alipaka tsabola, n'kumalikutumula ngati akuchotsa madzi kufikira litaleka. Pakapita miyezi amayamba kugwetsa kapu, kulephera kumanga mabatani a yunifomu ya mwana, ndipo kamnofu kokwera kamene kali m'munsi mwa chala chachikulu kamaphwa n'kusiya dzenje. Vutoli limagwira amayi kuposa abambo, ndipo limabwera kawirikawiri kwa oyembekezera, odwala shuga, a nyamakazi ndi onenepa kwambiri.

Wachiwiri umadutsa kuseri kwa chigongono, paja mukagunda mumamva ngati magetsi. Uwu umagwira chala chaching'ono ndi theka lina la chala champhete. Amene amagona atapinda mkono kapena kutsamira chigongono patebulo nthawi yaitali amaudziwa. Wachitatu umazungulira fupa la kumtunda kwa mkono, ndipo ukafinyika dzanja limangolendewera osadzuka. Timauona kwa amene anagonera mkono usiku wonse ataledzera, ndi kwa oyendera ndodo zolowa m'khwapa.

Bwanji simukundijambula?

Ekiselo imaonetsa mafupa, mtsempha sumaoneka. Timajambula pokhapokha ngati munathyokapo. Zambiri timazidziwa pokufunsani zala zimene zagwidwa, pogogoda pamtsempha, ndi pokupindani dzanja kwa mphindi imodzi kuti tione ngati dzanzi libwera.

Kodi mungandilembere kuti matendawa ndawatengera kumunda wa tiyi?

Funso ili ndi limene latiyambanitsa ndi anthu ambiri, choncho tiliyankha mofatsa.

Chimene timalemba ndi chimene tapeza: mtsempha wake, zala zimene zachita dzanzi, mphamvu imene yatsala, nthawi imene mukuti zinayamba, ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwaigwira. Ngati taona kuti ntchitoyo ikukulitsa vutolo, timalembanso zimenezo mosabisa. Sitikukana kuti ntchito ya manja imakhudza mitsempha. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, pamndandanda wake wa matenda obwera ndi ntchito wa 2010, linaikapo carpal tunnel syndrome yobwera chifukwa chogwira nthawi yaitali ntchito yobwerezabwereza yofuna mphamvu, yonjenjemeretsa manja, kapena yopinditsa dzanja mopitirira. Amene anaimapo m'mizere ya tiyi mu Januwale, dengu kumsana, zala zikuthyola nsonga kuyambira m'mamawa kuti makilo akwane, kapena amene amadulira tiyi ndi chikwanje m'chilimwe, safuna kuuzidwa kuti manja amatopa.

Komabe kulemba kuti "ntchito ndiyo yokha yachititsa" ndi nkhani ina. Mayi yemweyo akaweruka amakasinja, kuchapa, kulima ndi kutunga madzi. Mwina alinso ndi shuga amene sanamudziwe, mwina ndi woyembekezera. Tikalemba motsimikiza chinthu chimene sitingachiikire umboni, kalatayo ikakafika patsogolo imagwa, ndipo wovutika ndi inu nomwe. Pa chifukwa chimenechi timalemba mosamala, ndipo tikudziwa kuti ena mawu athu amawaona ngati ozemba.

Chinanso n'chakuti chipukuta misozi sitigamula ndife. Nkhaniyi imayendera lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, limene limanena za kuvulala kochitika chifukwa cha ntchito komanso munthu ali pantchito, ndi za matenda amene analembedwa pamndandanda wa lamulolo. Mndandanda wa ILO ndi chitsogozo chabe, pawokha sulamula bwana aliyense kulipira. Kuvulala ndi chikwanje tsiku limodzi n'kosavuta kukulondola chifukwa pali tsiku, pali bala, pali mboni. Dzanzi limene lakula pang'onopang'ono kwa zaka zitatu lilibe tsiku, ndiye pamakhala kukokanakokana. Njira yake ndi iyi: dziwitsani akuntchito kwanu msanga, makamaka polemba, ndipo musangouza kapitawo pakamwa. Kenako pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, pa boma la Mulanje kapena la Thyolo. Iwo ndi amene amatsegula nkhaniyo ndi kupempha kuti dokotala ayeze kuchuluka kwa kulumala ngati kulipo. Fomu yotereyi ikabwera kuchokera kwa iwo, imasainidwa ndi dokotala, osati ife a mafizo. Amene ali mamembala a bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWUM angapemphe nthumwi yawo kuti iwaperekeze.

Sitingalonjeze munthu aliyense kuti alandira ndalama. Dziwaninso kuti chipukuta misozi cha kulumala kokhazikika chimayezedwa pa chimene chatsala mutalandira chithandizo. Tamva kuti ena akukana chomangira dzanja poganiza kuti akachira ataya ndalama. Bambo, mayi, musatero. Kamnofu ka chala chachikulu kakaphwa nthawi yaitali kawirikawiri sikabwereranso mwakale ngakhale atakuchitani opaleshoni, ndipo ndalama iliyonse imene mungalandire idzatha dzanja likadali lofooka.

Nanga masiku opuma? Ine ndine wa sizoni.

Lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 yotsatizana ali ndi ufulu wa masabata osachepera 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, atapereka kalata ya kuchipatala. Apa ndi pamene a sizoni amapwetekeka, chifukwa wolembedwa mu Disembala n'kuimitsidwa mu Epulo kapena Meyi miyezi 12 saifikitsa m'sizoni imodzi, ngakhale kuti lamulo lomwelo limati munthu akamabwerera kwa bwana yemweyo masizoni otsatizana, miyezi imene wagwira imawerengedwa pamodzi. Kalata yathu siingasinthe zimenezo. Funsani a leba kapena nthumwi ya bungwe lanu ngati mgwirizano wa pamalo panu uli ndi china chowonjezera. Ife nthawi zambiri m'malo molemba kuti mupume kotheratu, timalemba pempho lakuti akupatseni ntchito yopepuka kwa kanthawi, poti tikudziwa kuti kupuma opanda malipiro ndi njala pakhomo. Ndi pempho chabe, ena amalimvera, ena ayi.

Kodi ndi zoona kuti ena anabwezedwa osaonedwa?

Zinachitikadi m'masabata oyamba. Ena anachokera kutali monga ku Muloza ndi ku Thekerani, atalipira kabaza ndi minibasi, n'kubwezedwa chifukwa analibe kalata pomwe uthenga woti azibwera ndi kalata unali usanawafike. Tinalakwa pamenepo, ngakhale kuti antchito m'chipinda chino ndife ochepa kwambiri. Tsopano wobwera opanda kalata amayamba waonedwa ndi a kilinikala ofisala tsiku lomwelo, ndipo amene dzanja layamba kale kuphwa kapena kulendewera salowa pamzere wamba. Amene mumati timakondera, ambiri ndi amenewa.

Kodi ndondomekoyi yathandiza?

Kwa ife yathandiza. Munthu aliyense tikumakhala naye nthawi yokwanira kumupima zala chimodzichimodzi, ndipo angapo apezeka ndi shuga asanafike n'komwe kwa ife.

Mumapereka chithandizo chanji?

Choyamba ndi chomangira dzanja chovala usiku, chimene chimaletsa mfundo kupindika mukagona. Chimafuna kupirira, chifukwa kusintha kumaoneka pakatha masabata angapo. Kwa a chigongono timawaonetsa kukulunga thaulo pamkono pogona kuti usapindike kwambiri, ndi kuleka kutsamira. Timaphunzitsanso mafizo ndi kagwiridwe ka mpeni kapena khasu kosapinda mfundo. Kwa oyembekezera dzanzi kawirikawiri limatha lokha akachira. Panado ndi bulufeni amachepetsa ululu koma satsegula kanjira kaja. Jakisoni wochepetsa kutupa pamfundopo amathandiza ena kwa miyezi, koma ndi wobaya dokotala wodziwa malo ake.

Tivomereze kuti zomangira zimatithera nthawi zina. Zikatha timakuonetsani mopangira chongogwirizira ndi katoni yolimba ndi bandeji. Musamange mothina, ndipo musamange ndi mphira. Ambiri amafika atatemera mphini pamfundo, ndipo sitiwakalipira, koma mphini sizifika pamene pathina, ndipo kwa wodwala shuga bala lake limavuta kupola.

Opaleshoni imachitikira kuti, ndipo dzanja silifa?

Timatumiza kwa a mafupa ngati dzanzi silikuchokanso usana ndi usiku, ngati mnofu wayamba kuphwa, kapena ngati chomangira chalephera. Iwo ndi amene amaona ngati ichitikire pachipatala cha boma lanu kapena mupite ku Queen Elizabeth ku Blantyre. M'zipatala za boma opaleshoniyo salipiritsa, koma thiransipoti ndi yanu, ndipo tsiku amapereka ndi iwo, sitingalifulumizitse. Opaleshoni ya pamfundo ya dzanja ndi yaing'ono. Kawirikawiri amangobaya mankhwala ochititsa dzanzi padzanja pokha, n'kudula kamnyewa kamene kakhala ngati denga la kanjira kaja kuti mtsempha upume, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Kuyaka kwa usiku kumatha msanga. Mphamvu ndi kumva kwa zala zimachedwa, chifukwa mtsempha wowonongeka umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ulusi amachotsa pakatha pafupifupi masabata awiri, koma kubwerera ku chikwanje kapena kudengu kumafuna masabata ena owonjezera, choncho kambiranani ndi dokotala za nyengo yochitira, makamaka ngati mumadalira makilo a m'dzinja.

Manja onse awiri akundivuta. Ndibwere kawiri?

Ayi, kamodzi kokha. Tidzawapima onse tsiku limodzi.