Guluu sangamate sitovu yagalasi yong'aluka

Pali mphekesera yoti galasi la pamwamba pa sitovu yamagetsi likang'aluka, munthu angathe kulimata yekha kunyumba ndi guluu wa epoxy, kapena kulipukuta ndi soda ndi mankhwala otsukira mano. Zimenezi n'zabodza. Galasili limatentha kufika madigiri mazanamazana pophika, ndipo guluu wamba amafewa n'kupsa kutenthako kusanafike pamenepo. Soda amangochotsa zothimbirira basi.

Choopsa chenicheni chili pansi pa galasilo. Msuzi kapena madzi akasefukira amalowa mumng'alumo n'kufika pamawaya amagetsi, zomwe zingachititse shoti kapena kuti wophikayo agwidwe ndi magetsi, komanso kulemera kwa mphika kumakulitsa mng'aluwo. N'chifukwa chake opanga masitovuwa amalangiza kuzimitsa magetsi a sitovuyo paswichi yaikulu ndi kuitana mmisiri wodziwa kuti asinthe galasi lonse.